Nyanga Zimene Anazipeza M'denga

Mawu akuti nyanga ndinayamba kudana nawo chaka chimene abambo anamwalira. Kale lonse ndinkawaphunzitsa ana kusukulu mopanda nkhawa: ng'ombe ili ndi nyanga, mbuzi ili ndi nyanga, galu alibe. Koma aliyense wokulira kuno amadziwa kuti mawu omwewa ali ndi mbali ina. Munthu akatsitsa mawu n'kunena kuti auje ali ndi nyanga, sakunena za ng'ombe ayi. Akunena kanthu kaja kokulungidwa m'nsalu, kovekedwa mikanda, kamene amati afiti amabisa kuti azipwetekera anzawo. Ine sindinakaonepo, ndipo onse amene anandifotokozerapo maonekedwe ake nawonso anangomva kwa ena. Komabe mawu amenewa anatsala pang'ono kuwachotsa amayi anga pamudzi pawo.

Kwathu ndi ku Utale, kufupi ndi njanji. Mudziwo ndi wa amayi, ndimo anabadwira iwo ndi amayi awo. Abambo anachokera cha kwa Nsamala. Anabwera ngati mkamwini, n'kukalambira pomwepo mpaka mutu kuyera, koma pakagwa kanthu anthu sankaiwala kuti ndi obwera. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda khasu. Anzawo akadali pa bawo, iwo ankatuta ndowe m'khola n'kumakamwaza kumunda, ndipo chimanga chawo chinkasiyana ndi cha minda yoyandikana nayo ngakhale chaka cha mvula yochepa. Ali moyo anthu ankawayamikira. Atapita m'pamene ndinazindikira kuti ena mwa oyamikirawo anali ndi mafunso awo mumtima.

Patapita miyezi ingapo chimwalirireni abambo, amayi anaitana amuna awiri aganyu kuti asasule denga la khitchini n'kufolera udzu watsopano mvula isanayambe. Akuchotsa udzu wakalewo, anapeza chiguduli chomangidwa ndi luzi pa phaso, chakuda bii ndi mwaye. Atamasula anaona nyanga ziwiri zazitali, zopotana, zolumikizana pa fupa la pamphumi. Zinali za ngoma, osati yoimba ija, koma nyama yaikulu ya m'tchire ya mizere yoyera m'nthiti.

Nyangazo ine ndinkazidziwa. Abambo atangokwatira kumene, kukadali tchire mbali zonse za mudzi, ngoma yaimuna inazolowera kudzadya nandolo m'minda. Amuna anaiguba ndi agalu, ndipo mkondo umene unaigwetsa unali wa abambo. Nyama anagawana, mutu anapatsa iwo. Nyangazo zinakhala pakhonde zaka zambiri, mpaka pamene oyang'anira nyama zam'tchire anayamba kuyenda m'midzi kufunsa za zikopa ndi misampha. Abambo sankafuna milandu, choncho anazikulunga n'kuzikweza m'denga. Ndili mwana ankazitsitsa mwa apo ndi apo, kuzipukuta, kutiuza tigwireko, n'kuzibwezeranso. Chinsinsi chake chonse chinali chimenecho.

Aganyu aja atalandira zawo anapita kokamwa, ndipo kumeneko ananena mawu amene sindingawatsutse ngakhale lero, chifukwa anali oona: "Kwa malemu kuja tapezako nyanga m'denga." Nkhaniyo pofika pamjigo inali itasintha msinkhu. Nyanga ziwiri zotalika kuposa mkono wa munthu wamkulu zinasanduka kanyanga kamodzi kokwana m'dzanja, ka mikanda m'khosi. Wina anati kankapuma. Wina anakumbukira chimanga cha abambo, nati tsopano zamveka. Amayi ankamva zonsezi n'kumangoseka, poganiza kuti anthu akatopa asiya.

Kenaka dzinja litafika mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, anataya khanda. Linatentha thupi, linayamba kukomoka, ndipo pofika kuchipatala kunali kutachedwa. Kwathu maliro akagwa nyumba iliyonse imapereka ufa. Amayi anatapa wawo m'beseni, anavundikira kansalu, anapita nawo kusiwa. Azimayi amene ankalandira anati, "Ikani apo," n'kuloza pambali. Pokhala pansi, amene anali pafupi nawo anasendera. Palibe anawatukwana, palibe anawaloza chala. Koma mawa lake, maliro ataikidwa, beseni lija analipeza pakhonde pawo, ufa uli momwemo osatapako, kansalu kali momwe anakavundikirira.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Liwonde, ndipo za ufazi sindinazione chifukwa ndinabwerera titangochoka kumanda. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza amayi atakhala pakhonde la nyumba yanga, chiguduli chachitali chili pambali pawo. Anali ataonda, ndipo mpango anamanga mopendekeka, chinthu chimene sankachita.

"Amayi, bwanji osaimba foni? Nanga katundu ameneyu ndi wa chiyani?"

"Ukapumula undiperekeze kumlatho," anatero. "Ndikufuna ndikaponye zinthuzi m'Shire."

Tinalowa m'nyumba, ndinawaphikira tiyi, ndipo anandiuza zonse. Chigwereni maliro aja palibe amene ankabwera kudzapala moto kapena kudzapempha mchere. Ana amene ankakonda kusewera pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo pathu anawaletsa. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri.

"Nanga amalume akuti chiyani?" ndinafunsa.

Amalume, achimwene awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba wathu. Anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma. Anali munthu wofatsa, woopa phokoso, wa dazi lalikulu limene ankalibisa m'chipewa chakuda cha mkombero. Chipewacho ankavula m'tchalitchi ndi kumanda basi. Tili ana tinkanong'onezana kuti amagona nacho.

"Akuti tiitane anthu, tizitenthe pabwalo onse akuona, tipemphere, nkhani ithe," anayankha amayi. "Ananena ataima panjira. M'nyumba salowanso."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati iyayi. Ndikazitentha anthu akuona ndiye kuti ndavomera kuti abambo ako anali mfiti. Ndingolola ziende ndi madzi, mwakachetechete."

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinati zikasowa anthu adzanena kuti mwazisamutsa, mwakabisa kwa mwana wanu ku Liwonde. Ndinati mukatentha mwavomera, mukataya mwavomera, mukabwezera m'denga mwavomeranso. Ndinalankhula zambiri za anthu akumudzi tsiku limenelo, zina zosayenera kutuluka m'kamwa mwa mphunzitsi. Amayi anangondisiya mpaka nditatha, kenaka anafunsa kuti, "Tsono wanzeruwe, titani nazo?"

Yankho ndinali nalo, ngakhale linandifikira ndikulankhula komweko. Chaka chapitacho tinachitira msonkhano wa aphunzitsi pa hotela ina m'mbali mwa mtsinje. M'chipinda chodyera munali nyanga za nyama zosiyanasiyana, iliyonse itamangidwa pa thabwa lake lopakidwa vanishi, n'kupachikidwa pakhoma. Alendo ankamwa tiyi pansi pa nyanga za njati, ena kujambulitsa pomwepo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wonong'ona. Ndinawauza amayi kuti tichite chimodzimodzi. Tizitsuke, tizimange pa thabwa, tikazipachike pabalaza kwathu moyang'anana ndi chitseko, aliyense wodutsa azione kukula kwake.

Amayi anandiyang'ana ngati ndamwa. "Awo ndi azungu, mwana wanga. Mzungu akapachika nyanga amati wakongoletsa nyumba. Ine ndikapachika adzati nawu umboni. Ukufuna andiotchere nyumba ine ndili momwemo? Iwe udzakhala kuno, udzangomvera pa foni."

Tonse tinkamva pa wailesi za nkhalamba zothamangitsidwa m'midzi, zina kugendedwa, chifukwa cha mawu ang'onoang'ono ngati omwewa. Ndinkaona kuti maganizo anga ndi olondola, koma wokagona m'nyumba imeneyo sanali ine. Ndinachita mantha, ndipo manthawo sanandichoke mpaka zonse zitatha. Tinangogwirizana chimodzi: kumlatho tisapite kaye, amayi akhale nane mpaka sukulu itatsekera.

Ndinayamba ndi kutsuka, ndikuwauza amayi kuti ngakhale zotaya zisapite zakuda. Ndinatereka madzi, ndinathira sopo, ndinatenga mswachi wakale n'kukhala kuseri kwa nyumba. Mwaye wa zaka zonsezo unali utauma ngati phula. Madzi ankada, ndinkataya, ndinkathira ena. Pang'ono ndi pang'ono mtundu weniweni unayamba kuoneka, wofiirira moderako, ndipo kunsonga kunali koyera ngati mnyanga wa njovu. Utsi uja, umene ndinkautukwana potsuka, ndi umene unaziteteza ku tizilombo. Timabowo tinali tochepa chabe kumunsi, ndipo ndinadonthezeramo parafini kuti ngati muli chamoyo chife. Zitauma ndinazipaka mafuta pang'ono ndi kansanza. Panyanga ya kumanzere, chapakati, panali pobenthuka pamene sindinkapakumbukira.

Amayi ankakhala chapatali akusankha nyemba, akunamizira kuti sakuona. Koma nthawi ina ndikupala fupa ndi mpeni anati, osadzutsa mutu, "Usakande kwambiri pamenepo, ndi popyapyala."

Thabwa ndinakafuna kumsika, kwa mmisiri wina wachikulire, Msilamu wa ndevu zoyera amene anandikhomerapo mipando. Ndinanyamula nyangazo m'chiguduli kuti akayeze. Nditamasula, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuseka.

"Walayi, aphunzitsi, mwayamba liti ntchito imeneyi? Ndimati mumangogwira choko."

"Inunso muyambe zomwezo?" ndinatero. "Ndi za nyama izi, achimwene. Simukuona?"

"Ndikuona, mayi, ndikuona. Ndikungokusekani. Ya anthu oipa ija akuti imakwana m'thumba la malaya. Iyi ndiye munthu angauluke nayo bwanji, osakodwa m'mawaya a magetsi?"

Ndinaseka koyamba chibwerereni amayi. Anandisankhira chidutswa cha mlombwa chotsala pa chitseko cha munthu wina, anachidula chotambalala kumwamba, chosongoka pang'ono kumunsi. Fupa la kumbuyo linali losalingana, silinkagona pa thabwa, ndiye analicheka ndi sowo yodulira zitsulo ine nditagwira nyanga kuti zisagwedezeke. Fungo la fupa lochekedwa linandikumbutsa tsitsi lopsa. Anaboola mabowo awiri pafupapo ndi awiri pa thabwa, anandipatsa mabawuti ndi sandipepa wokwechera thabwa, nati zotsalazo ndikamalize ndekha poti ndaoneka kuti ndine wamakani.

Kunyumba ndinakwecha thabwalo mpaka manja kuchita matuza, ndinapaka vanishi, ndinadikira kuti aume, ndinapakanso. Nditamanga mabawuti n'kuimika chinthucho pampando, ndinaima patali kuchiyang'ana. Chinali chokongola, koma fupa loyera lija, ndi mitu ya mabawuti ikuonekera, linkandisowetsa mtendere. Ndinakumbukira kuti za kuhotela zija fupa analikuta ndi nsalu yofiira yonyezimira. Mawa lake ndinagula kansalu kofiira kwa telala, ndinakadula bwinobwino, ndinayamba kukuta.

Amayi anatulukira m'chipinda n'kuima. Anayang'ana nyanga, anayang'ana nsalu, anayang'ana ine. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, mpaka anakhala pansi misozi ikutsika.

"Nsalu yofiira! Pa nyanga! Iwe mwana iwe, sukulu yonseyi? Ungowonjezerapo mikanda ndi singano basi, ukhale wamaliza ntchito."

Ndinayang'ana chimene ndinkachita, manyazi anandigwira, kenaka nanenso ndinaseka. Ndinatengera za kuhotela mpaka kuiwala kuti kwathu nsalu yofiira ndi yakuda ndizo amati zimakulunga nyanga ya mfiti. Ndikanakapachika chotero, ndikanawapatsa anthu aja chithunzi chenicheni chimene anali nacho kale m'mitu. Amayi anachotsa nsaluyo okha, anaipinda, anati ikhala chopukutira tebulo. Kenaka anayendetsa chala pa fupa loyeralo.

"Lisiye lionekere. Munthu aone kuti apa panali mutu wa nyama."

Anaika dzanja pa nyanga ya kumanzere, pobenthuka paja. Ndipo anandiuza zimene ndinali ndisanamvepo. Tsiku limene ngoma inaphedwa iwo anali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Anaona abambo akutulukira kumunda mutu wa nyamayo uli paphewa, magazi akuyenderera kumsana, amuna akuimba pambuyo pawo. Aka kanali koyamba kuti anthu a m'mudzimo amuimbire mkamwini. Ndipo amalume analipo. Nyamayo itapanikizidwa ndi agalu inatembenukira kwa amalumewo, iwo anataya mkondo n'kukwera mtengo, ngoma inagunda mtengowo ndi nyanga, ndipo m'pamene abambo anapeza mpata wolasa.

"Ndiye kuti amalume akuzidziwa bwinobwino nyangazi?" ndinafunsa.

"Kuposa iwe ndi ine."

"Ndiye n'kumanena kuti zitenthedwe? N'kumaima panjira?"

"Achimwene ndi amantha chibadwire," anatero amayi mosakwiya. "Si oipa. Akuopa kuti akandiikira kumbuyo adzati nawonso ali momwemo."

Ine ndinakwiya m'malo mwawo. Koma kuyambira tsiku limenelo amayi sanatchulenso za mlatho. Sukulu itatsekera anati tipite, ndipo pamene ndinatenga chiguduli kuti ndikulunge anandiletsa. Anati zakhala m'chiguduli mokwanira.

Tinakwera minibasi ya ku Balaka nyanga zili pamiyendo panga, nsonga zikugunda denga. Kondakitala anati nyamayi ilipire mpando wake. Mayi wina anasuntha n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda, koma bambo wa kumbuyo anapempha kuti agwireko, nayamba kufotokoza za ngoma zimene ankaziona ali mnyamata. Kuchokera pa Balaka tinakwera njinga za kabaza, ndipo titayandikira mudzi amayi anati titsike, tiyende pansi. Dzuwa linali pamutu. Anandilanda thabwalo, analisenza pamutu popanda nkhata, n'kudutsa nalo pamjigo pomwe azimayi anali pamzere. Anapereka moni kwa aliyense monga mwa masiku onse. Ena anayankha, ena anangoti kukamwa yasa. Ine ndinkangowatsatira kumbuyo.

Khoma la pabalaza ndi la njerwa zootcha. Ndinakhoma misomali iwiri ikuluikulu moyang'anana ndi chitseko, chapamwamba, pambali pa mtanda umene wakhala pamenepo chibadwire changa. Msomali woyamba unapindika, wachiwiri unagumula pulasitala, ndipo amayi anandiuza kuti ndikhome pamzere wa matope pakati pa njerwa. Titapachika tinaona kuti zapendekeka, tinatsitsa, tinakonza. Kenaka amayi anatsegula chitseko n'kuchiikira mwala kuti chisatsekeke.

Masiku otsatirawo anali aatali. Anthu ankadutsa panjira mochedwetsa mapazi, makosi atapotokera kunyumba kwathu. Njira ya kumjigo inapeza anthu ambiri kuposa kale, ena odutsa ndi ndowa zopanda kanthu kupita ndi kubwerera komwe. Ana ankafika mpaka pa mtengo wa mango, kusuzumira, n'kuthawa. Koma wolowa panalibe. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina ndawonjezera moto. Chilichonse chogwa padenga la malata chinkandidzidzimutsa, ngakhale chinali chipatso chabe. Ndinawafunsa amayi ngati tingabwerere limodzi ku Liwonde sukulu ikamatsegulira. Anati ayi, iwo anabadwira pano, ndipo sadzathawanso kachiwiri.

Tchuthi chili pafupi kutha, masana ena, ndinaona chipewa chakuda chikubwera panjira. Amalume anafika pamalo pamene amayi anati ankaima, anaima ndithu, kenaka anakhotera pabwalo. Anthu angapo amene anali pafupi anasiya zochita zawo n'kusendera cha ku mtengo wa mango. Ine ndinali nditakonza kale mawu anga, ndipo anali akuthwa. Amayi anandigwira pamkono n'kufinya.

"Odi kuno," anatero amalume ndi mawu aang'ono.

"Lowani, achimwene. Chitseko n'chotsegula."

Anapukuta nsapato nthawi yaitali kuposa mmene fumbi lake linalili. Analowa, anaima pakati pa balaza, anayang'ana pakhoma.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Aphunzitsi, muli bwanji?"

"Tili bwino, kaya inu amalume," ndinayankha mouma.

"Ntchito yanu iyi?"

"Yanga ndi amayi."

Anasendera pafupi. Anakweza dzanja. Anagwira nyanga ya kumanzere, chala chinapita chokha pobenthuka paja ngati chikudziwa njira.

"Apa," anatero, "ndi pamene inamenya mtengo. Unali mtengo wa mtondo. Ine ndinali m'mwamba, nsapato imodzi itatsala pansi." Anatembenukira kukhomo, kumene anthu aja tsopano anali atafika m'mphepete mwa khonde, ndipo anakweza mawu kuposa mmene ndinawamverapo. "Akanapanda alamu anga tsiku limene lija, bwenzi nyanga iyi italowa m'mimba mwanga. Ndi ya ngoma iyi. Nyama yake ndinadya nawo, ndipo ena mwa makolo anu anadya nawo."

Amalume anaima pamenepo ngati aiwala chimene chimatsatira. Kenaka anavula chipewa. Dazi lija linaoneka, la thukuta, loyera kuposa nkhope yawo. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna poika, ngakhale tebulo linali pafupi, ndipo anatambasula dzanja n'kuchikoleka pansonga ya nyanga ya kumanja. Chinagwedezeka pang'ono, n'kukhazikika.

Kunena zoona, choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti ndavutika kupukuta ndi kupaka mafuta kuti munthu asandutse ntchito yanga chokolekapo zipewa. Koma nditaona mmene amayi ankachiyang'anira chipewacho, ndinachisiya pomwepo.

Amalume anatembenukira kwa amayi. "Achemwali, kulibe kathobwa? Kukhosi kwauma."

Amayi anapita kukatunga. Amalume anakhala pampando wa abambo, pansi penipeni pa nyangazo, anamwa chikho chonse anthu akuona, anapempha china. Anacheza za mvula, za mbuzi yawo yothyoka mwendo, za mtengo wa feteleza. Sanapepese, ndipo amayi sanafune kuti apepese. Atatsanzika n'kufika pakhomo, ine ndinathamangira kukhoma.

"Amalume, mwaiwala chipewa."

"Chisiyeni, aphunzitsi," anatero osacheuka. "Ndidzachitenga."

Anatuluka dazi lili pamtunda, dzuwa likuwaomba, n'kudutsa pakati pa anthu aja. Munthu amene mudzi wonse unali usanamuonepo panjira wopanda chipewa anayenda choncho mpaka kwawo, ndipo mawa lake anapita choncho kumsika. Aliyense wokumana nawo ankafunsa kuti chipewa chili kuti, ndipo iwo ankayankha mokweza kuti, "Chili pa nyanga, kwa achemwali anga." Ndinamva kuti ena ankadzidzimuka ndi yankholo, kenaka n'kuseka, poona kuti mawu oopsa aja akutchulidwa masana pamsika ndi munthu wamantha kuposa onse.

Sindinganame kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, woyamba kudzabwereka sefa, wina kudzapala moto, ndipo aliyense ankaba kuyang'ana pakhoma asanakhale pansi. Alipo amene mpaka lero amati zopachikazo n'zophimba m'maso, yeniyeni inabisidwa kwina. Mng'ono wanga wotaya khanda uja sanalowenso m'nyumba mwathu. Amapereka moni ali pabwalo. Poyamba ndinkamukwiyira, koma tsopano ndimaganiza kuti munthu amene mwana wamufera m'manja amafuna pena poloza, ndipo malungo alibe nyumba yoti n'kuilambalala. Maliro otsatira atagwa m'mudzimo, amayi anatapa ufa m'beseni lomwe lija, anavundikira kansalu, anapita. Anandiimbira foni madzulo ake, sananene zambiri. Anangoti, "Beseni labwera lopanda kanthu."

Ndimaganizabe za mawu aja, nyanga, mmene chinthu chimodzi chingakhalire ulemu wa munthu chili pakhonde, n'kusanduka mlandu wake chikakwera m'denga. Abambo anazibisa pothawa mlandu wina, osadziwa kuti akusiyira mkazi wawo waukulu kuposa umenewo. Ndipo thabwa langa la mlombwa, ndi vanishi yense uja, pazokha sizikanakwanira. Zinangoika nyangazo poti munthu wina, akalimba mtima, afikepo ndi dzanja.

Amalume sanagulenso chipewa china. Ankabwera kwa amayi pafupipafupi, kumwa thobwa pansi pa chipewa chawo chomwe, n'kubwerera dazi lili pamtunda. Anamwalira patapita zaka zingapo. Pogawa zovala za malemu, mwana wawo wamkulu anakumbukira chipewacho, ndipo anabwera kunyumba ine ndilipo, anagwada pakhomo mwaulemu.

"Azakhali, tikusonkhanitsa katundu wa abambo. Ndimati nditengeko chipewa chija."

Amayi anayang'ana pakhoma. Chipewacho chinali chitatuwa, mkombero utagwa mbali imodzi, koma fumbi panalibe chifukwa ankachipukuta pamodzi ndi nyangazo.

"Iyayi, mwanawe, chisiye," anatero. "Anati adzachitenga okha."